KUDONTHA KWA MKODZO: MATENDA AMENE AMAYI AMBIRI AMABISA

Pali matenda ena amene munthu sachita nawo manyazi. Wodwala malungo amauza aliyense amene wakumana naye panjira, ndipo wothyoka mwendo amakhala pakhonde, anthu namabwera kudzamzonda. Koma alipo matenda ena amene mwini wake amawasunga mumtima zaka zambiri, osauza mwamuna wake ngakhale mbale wake wa bere limodzi. Amodzi mwa matenda otere ndiwo kulephera kusunga mkodzo, ndiko kuti mkodzo umatuluka wokha pa nthawi imene munthu sadafune ndiponso pa malo osayenera. Vutoli limagwira amuna ndi akazi omwe, koma limachuluka pakati pa amayi, makamaka amene adaberekapo ndi amene adasiya kusamba.

Amayi ambiri amaganiza kuti ndi mmene uchembere umakhalira, kapena kuti ndi mmene ukalamba umabwerera, kotero palibe chifukwa chovutitsira anamwino. Maganizo amenewa ndi olakwika. Kudontha kwa mkodzo kuli ndi choyambitsa chake monga matenda ena onse, ndipo kawirikawiri kuli ndi chithandizo chake.

Mmene thupi limasungira mkodzo

Impso ziwiri zimasefa magazi usana ndi usiku, ndipo mkodzo umene zimapanga umatsikira m'chikhodzodzo. Chikhodzodzo ndi thumba la mnofu limene limafutukuka pang'onopang'ono pamene likudzaza, ndipo cha munthu wamkulu chimatha kusunga mkodzo wokwana pafupifupi theka la lita. Njira yotulutsira mkodzo ya mkazi ndi yaifupi kwambiri, masentimita 4 okha, pamene ya mwamuna imafika pafupifupi masentimita 20. Pansi pa chiuno pali minofu yoyalana imene imanyamula chikhodzodzo, chiberekero ndi matumbo, monga mmene chitenje chimagwirira mwana kumsana. Minofu yomweyi imathandiza kutseka njira ya mkodzo mpaka munthu atafika kuchimbudzi. Chitenje chikamasuka mwana amatsetsereka, ndipo minofu imeneyi ikafooka chikhodzodzo chimatsika, njira ija siitsekekanso bwino.

Kudontha sikumakhala kofanana kwa onse. Alipo amayi amene amakhala bwinobwino akakhala phee, koma akatsokomola, kuyetsemula, kuseka kwambiri kapena kudzitwika ndowa ya madzi, timadontho timatuluka. Apa vuto ndi kufooka kwa minofu ija. Imafooka kaamba ka kubereka, makamaka kubereka pafupipafupi kapena kubereka mwana wamkulu thupi. Imafookanso ndi kunenepa kwambiri, chifuwa chosatherapo, kudzimbidwa kumene kumachititsa munthu kudzikakamiza pochita chimbudzi, ndi kusenza katundu wolemera tsiku ndi tsiku. Mayi akasiya kusamba, khungu la m'kati mwa njira ya mkodzo limapyapyala, ndipo vuto limene lidali laling'ono limakula.

Amayi ena vuto lawo nlosiyana. Mkodzo umawapana mwadzidzidzi ndi mphamvu, kotero kuti usanafike kuchimbudzi wayamba kale kutuluka. Nthawi zina kungomva madzi akutuluka pamjigo kapena kugwira madzi ozizira nkokwanira kuyambitsa zimenezi. Apa chikhodzodzo ndicho chikudzifinya chokha nthawi isanakwane. Tizilombo tikalowa m'chikhodzodzo timatha kuyambitsa vuto lotere, ndipo mayi amamva kuotcha pokodza. Likodzo, limene limavuta m'madera a m'mphepete mwa nyanja ndi m'madambo olima mpunga, nalonso limavulaza chikhodzodzo. Matenda a shuga amachulukitsa mkodzo. Amayi ambiri achikulire amakhala ndi mitundu iwiri yonseyi nthawi imodzi.

Mtundu wina ndi umene mkodzo umangochucha osalekeza, usana ndi usiku, mayi ataimirira kapena atagona. Umenewu ndi fisitula, ndipo ufotokozedwa paokha chifukwa chithandizo chake nchosiyana.

Mmene matendawa amasinthira moyo wa mayi

Matendawa sapha msanga monga kolera, nchifukwa chake anthu amawapeputsa. Koma amadya moyo wa munthu mwakachetechete, monga chiswe chimadyera nsichi ya nyumba, kunja ikuoneka ngati yolimba.

Choyamba kutayika ndi ufulu woyenda. Mayi asanachoke pakhomo amayamba waganiza kumene kuli chimbudzi, kutalika kwa ulendo, ndi chimene angachite chitenje chikanyowa anthu akuona. Ulendo wa pa minibasi umakhala wochititsa mantha. Kuchigayo, kumene munthu amaima pamzere nthawi yaitali, amatumako mwana. Geni ya kumsika amaisiya, ndipo ndalama imene inkagula mchere ndi sopo imasowa pa nthawi imene sopoyo akufunika koposa kale, popeza zovala ndi zofunda ziyenera kuchapidwa tsiku lililonse. Kuchapa kwambiri kumafuna madzi ambiri, madziwo ayenera kusenzedwa pamutu, ndipo kusenzako kumaonjezera vuto lomwe lija.

Chopweteka kwambiri pa moyo wa kumudzi ndi nkhani ya maliro. Pakagwa zovuta, amayi amagona m'siwa, atathithikana pansi usiku wonse, kuimba ndi kutonthoza anamfedwa. Mayi wodontha mkodzo sangathe kutero. Amabwera m'mawa, nakhala kumapeto kwenikweni, ndipo mwambo usanathe wanyamuka. Anzake, posadziwa chimene chikumsautsa, amayamba kunena kuti ndi wodzikuza, kuti sagona m'maliro a anzake, ndipo aliyense akudziwa mmene mbiri yotere imalemerera pamudzi. Munthu amene akulephera chifukwa cha matenda amaweruzidwa ngati wopanda umunthu. Kutchalitchi amasiya malo ake a kutsogolo, kenaka amasiyiratu kupita. Mayi wa Chisilamu amavutika mumtima chifukwa pemphero limafuna kuti thupi ndi zovala zikhale zoyera. Gule amene ankamkonda amangomuonerera chapatali. Alipo amayi amene adaphunzira kusaseka, poopa chimene chimatsatira kuseka, ndipo ana awo amakula akuganiza kuti mayi wawo ndi munthu waukali.

M'banja namo mumalowa mphepo. Mayi amaopa kuti mkodzo utuluka pamene ali malo amodzi ndi mwamuna wake, motero amayamba kupereka zifukwa zosiyanasiyana. Mwamuna, popeza sadauzidwe zoona, amaganiza kuti mkazi wake wamtaya kapena wapeza wina. Mabanja ena afika kwa ankhoswe, ena atha kumene, nkhani yeniyeni isanatchulidwe nkamodzi komwe.

Pofuna kudzithandiza, amayi ambiri amachita chinthu chimene chimaoneka chanzeru koma chimaononga: amasiya kumwa madzi. Munthu akamamwa madzi ochepa mkodzo umakhala wofiirira, wonunkha kwambiri ndiponso woyabwa m'chikhodzodzo, kotero kuti umampana pafupipafupi kuposa kale. Tizilombo timapeza mpata woswana, ndipo kudzimbidwa kumabwera. Fungo limene mayi amathawa ndi lomwelo limakula. Khungu la m'mphechepeche, pokhala lonyowa nthawi zonse, limasupuka ndi kuchita zilonda.

Usiku tulo timadukaduka. Agogo amene amadzuka kanayi kapena kasanu kupita kuchimbudzi chakunja mumdima ali pa ngozi yogwa ndi kuthyoka fupa la m'chiuno, limene pa msinkhu wawo silichira msanga. Ndowa yokhala ndi chivundikiro, yotayidwa m'chimbudzi ndi kutsukidwa m'mawa uliwonse, si chinthu chochititsa manyazi m'nyumba ya munthu wokalamba. Kusowa tulo, kudzipatula ndi mantha osatha zimabweretsa kukhumudwa kwakukulu, ndipo ena amafika poganiza kuti kuli bwino kufa. Mayi amene wafika pamenepa ayenera kutengedwa kuchipatala mwamsanga, pakuti nako kukhumudwaku kuli ndi chithandizo.

Kulimbitsa minofu ya m'chiuno

Kwa amayi amene amadontha akatsokomola kapena akanyamula katundu, chithandizo choyamba si jekeseni kapena mapiritsi, koma kulimbitsa minofu imene idafooka. Njira imeneyi idafalitsidwa ndi dokotala wa ku America, Arnold Kegel, m'chaka cha 1948, ndipo mpaka lero madokotala amayamba ndi yomweyi. Siifuna ndalama kapena chipangizo chilichonse.

Chovuta ndi kupeza minofu yoyenera. Mayi aganize kuti ali pakati pa apongozi ndipo mpweya woipa ukufuna kutuluka: mmene amafinyira kuti usatuluke, nakokera m'kati ngati akukweza chinthu m'mwamba, ndiyo minofu imene ikufunikayo. Asafinye matako, ntchafu kapena mimba, ndipo asasiye kupuma. Afinye ndi kugwira akuwerenga mpaka 5, kenaka amasule kwa nthawi yofanana. Kumasulako nkofunika monga kufinya komwe. Achite chomwecho ka 8 kapena ka 10 motsatizana, katatu pa tsiku. Minofu ikayamba kulimba aziwerenga mpaka 10. Poyamba nkosavuta kuchita atagona chagada mawondo atapinda, koma akazolowera angathe kuchita akusankha nyemba, akuyamwitsa mwana kapena atakhala pamzere wa sikelo, popanda wina wodziwa.

Ena amalangizana kuti aziimitsa mkodzo pakati pokodza. Chimenechi sichiyenera kukhala chizolowezi, chifukwa chimasokoneza chikhodzodzo ndi kusiya mkodzo wotsalira m'kati.

Amayi ambiri amaleka patangotha milungu iwiri nanena kuti sizikuthandiza. Minofu siilimba choncho. Pamafunika miyezi 3 yathunthu, tsiku ndi tsiku, ndipo ngakhale vuto litachepa nkoyenera kupitiriza. Palinso kanzeru kena kamene kamathandiza tsiku lomwelo: kufinya minofuyi pamene chifuwa kapena kuyetsemula kukubwera, ndiponso asanadzitwike ndowa kapena mtolo wa nkhuni. Mayi woyembekezera ndi amene wangochira kumene akayamba msanga masewerowa amachepetsa vutoli lisanakhazikike.

Kwa amene mkodzo umawapana mwadzidzidzi, chikhodzodzo chiyenera kuphunzitsidwanso kudikira. Mkodzo ukampana, mayi asathamange. Aime kapena akhale pansi, afinye minofu ija kangapo mpaka mphamvu ya mkodzo itachepa, kenaka ayende mwachifatse kupita kuchimbudzi. Pang'onopang'ono azitalikitsa nthawi ndi mphindi 10 kapena 15, kufikira atamatha maola atatu. Zimenezi zimatenga milungu 6 kapena kuposerapo. Tiyi wambiri, khofi, mowa ndi zakumwa zamabotolo zimautsa chikhodzodzo ndipo ziyenera kuchepetsedwa. Madzi amwedwe okwanira, makapu 6 mpaka 8 pa tsiku, ambiri mwa iwo masana, ochepa pokagona. Masamba, nyemba, zipatso ndi nsima ya mgaiwa zimateteza kudzimbidwa. Chifuwa chimene chapitirira milungu iwiri chikayezedwe kuchipatala, pakuti chingakhale chifuwa chachikulu. Njira zimenezi zikalephera, alipo mankhwala ndiponso opaleshoni, zimene dokotala angaganizire ataona wodwala.

Pa za ukhondo, nsalu zimene mayi amavala pofuna kugwira mkodzo zikhale za thonje, zisinthidwe zikangonyowa, zichapidwe ndi sopo ndi kuyanikidwa padzuwa. Pano ndi pamene manyazi amaononga kwambiri. Nsalu zambiri zimabisidwa pansi pa mphasa kapena kuseri kwa mtsuko zisanaume, ndipo m'chinyezi chotero tizilombo timaswana. Kuziyanika pachingwe zitaphimbidwa ndi chitenje chopyapyala kumabisa chinsinsi, dzuwa likugwira ntchito yake. Khungu litsukidwe ndi madzi oyera, lipukutidwe mofatsa ndi kupakidwa mafuta a Vaseline. Kuika zitsamba, soda kapena china chilichonse m'njira yoberekera pofuna kuumitsa kumangoyambitsa zilonda.

Fisitula

Mayi akakhala pa matenda a uchembere nthawi yaitali, tsiku lathunthu kapena masiku awiri, mwana akulephera kutuluka, mutu wa mwanayo umapanikiza chikhodzodzo ku fupa la m'chiuno. Magazi safika pa mnofu wopanikizidwawo ndipo umafa. Patapita masiku ochepa mnofu wakufawo umayoyoka nusiya bowo pakati pa chikhodzodzo ndi njira yoberekera, ndipo mkodzo umangodutsa pabowopo. Nthawi zina bowo limafika ndi kumatumbo, kotero kuti chimbudzi nacho chimatulukira njira yomweyo. Kawirikawiri mwana amabadwa wakufa, ndipo amayi ena amatsala akukoka phazi chifukwa mitsempha ya mwendo idapanikizidwanso. Fisitula ingabwerenso ngati chikhodzodzo chavulala pa nthawi ya opaleshoni, kapena chifukwa cha khansa ya khomo la chiberekero imene yafika patali.

Mayi wa fisitula amakumana ndi zonse zimene zatchulidwa kale, koma mowirikiza. Wataya mwana, fungo silibisika, ndipo nthawi zambiri mwamuna amachoka. Ena amamangiridwa kanyumba kapadera ndi kudyera mbale yawoyawo. Pamwamba pa izi amanenedwa kuti adalodzedwa, kapena kuti adachedwa kuchira chifukwa adayenda ndi amuna ena ali ndi pakati. Chikhulupiriro chimenechi chapweteketsa amayi ambiri, pakuti nthawi imene akuluakulu amataya pokakamiza mwana wamkazi kuti aulule maina ndiyo nthawi imene akadafika kuchipatala. Mwana amakanika kutuluka chifukwa chiuno cha mayi nchopapatiza, mutu wake ndi waukulu, kapena wagona mopingasa. Mankhwala achikuda ofulumizitsa matenda, monga mwanamphepo, satsegula fupa. Amangofinya chiberekero pa njira yotsekeka, ndipo chingathe kuphulika.

Masewero olimbitsa minofu sangatseke bowo, ndipo palibe mtengo wa kutchire umene ungalitseke. Chimene chimatseka ndi opaleshoni. Chipatala chodziwika pa ntchito imeneyi chidatsegulidwa ku Addis Ababa m'dziko la Ethiopia m'chaka cha 1974 ndi madokotala Reginald ndi Catherine Hamlin, ndipo madokotala a m'maiko ambiri adaphunzira kumeneko. Kuno ku Malawi kuli malo apadera othandizira amayi a fisitula pa chipatala cha Bwaila ku Lilongwe, kumene chithandizo sichilipiritsa, ndipo chipatala chaching'ono kapena cha boma la kwawo kwa wodwala ndicho chimamtumiza kumene angathandizidwe. Kuyambira m'chaka cha 2013, tsiku la 23 May limakumbukiridwa pa dziko lonse ngati tsiku lolimbana ndi fisitula. Pa amayi 10 aliwonse amene bowo lawo si lovuta, pafupifupi 9 limatsekeka. Nzoona kuti ena amatsala akudontha pang'ono ngakhale bowo litatsekedwa, ndipo ena amafunika opaleshoni yachiwiri, koma kutalika kwa zaka sikuletsa munthu kuthandizidwa: amene wakhala ndi vutoli zaka 20 ayenera kupita monga amene wakhala nalo miyezi iwiri. Mayi amene wayamba kuchucha mkodzo masiku ochepa atangochira asadikire nkomwe, chifukwa bowo laling'ono latsopano nthawi zina limatsekeka lokha akamuika kapaipi kotulutsira mkodzo kwa milungu ingapo.

Opaleshoni ikachitika, mayi amakhala ndi kapaipi kwa mlungu umodzi kapena iwiri, amamwa madzi ambiri, ndipo amalangizidwa kusakhala malo amodzi ndi mwamuna kwa miyezi yosachepera 3. Apa mwamuna ali ndi gawo lalikulu, pakuti kufulumira kwake kungang'ambe zimene madokotala adasoka. Ndi bwino kulera kwa kanthawi, ndipo pakati pena paliponse mtsogolo mayiyo ayenera kukachirira kuchipatala chachikulu mwa opaleshoni.

Kupewa fisitula kumayamba mtsikana asanatenge pakati. Mafupa a m'chiuno mwa mwana wa zaka 14 kapena 15 amakhala asanakhwime. Lamulo la maukwati la m'chaka cha 2015 lidaika zaka 18 ngati msinkhu wokwatiwira, ndipo m'chaka cha 2017 malamulo aakulu a dziko lino adasinthidwa kuti agwirizane nalo. Woyembekezera ayambe sikelo miyezi 3 yoyamba isanathe, ndipo amene amakhala kutali apite kuchidikiro masiku ake akayandikira. Matenda a uchembere akapitirira maola 12 mwana asanabadwe, imeneyo ndi ngozi, ndipo banja lisadikire kuti kuche kapena kuti mwini mbumba abwere kudzalamula.

Pofika kuchipatala

Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Amayi ambiri amafika mpaka pamaso pa namwino, koma manyazi akawagwira amangonena kuti msana ukupweteka, nabwerera kwawo ndi mapiritsi a ululu. Mayi ali ndi ufulu wopempha kulankhula ndi namwino wamkazi paokha, ndipo zimene anena sizitulutsidwa kunja. Amene akuona kuti pakamwa palemera angatenge mchemwali wake kapena kuyamba wauza mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwake.

Zilipo zizindikiro zimene siziyenera kudikira tsiku la sikelo: magazi mumkodzo, kuotcha pokodza pamodzi ndi kutentha thupi kapena kupweteka m'nthiti cha kumsana, kulephera kukodza mimba itatupa, chinthu chotuluka kapena cholemera m'njira yoberekera, kutaya magazi kwa mayi amene adasiya kale kusamba, chikazi chonunkha, ndi dzanzi kapena kufooka kwa miyendo kobwera mwadzidzidzi.

Namwino adzafunsa kuti vutoli lidayamba liti, ngati lidayamba mayi atangochira kapena atachitidwa opaleshoni, ngati mkodzo umatuluka potsokomola, pothamangira kuchimbudzi kapena nthawi zonse, ndiponso kuti amadzuka kangati usiku. Nkothandiza kuwerengeratu zimenezi kwa masiku atatu asanapite. Wosadziwa kulemba angathe kuponya njere ya chimanga m'kapu nthawi iliyonse imene wakodza, ndi nyemba nthawi iliyonse imene wadontha. Atenge buku lake la kuchipatala ndi mankhwala onse amene akumwa, pakuti ena mwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi amachulukitsa mkodzo. Mankhwala amenewo asawasiye yekha. Dokotala ndiye angawasinthe kapena kusintha nthawi yomwera.